Nyumba ya makolo ku Area 3: tiikonze bwanji osaichotsera maonekedwe ake akale?

NaPhiri wa ku Area 3

Moni kwa nonse, makamaka amisiri ndi ena amene munakonzapo nyumba zakale muno mu Lilongwe. Ndabwera ndi nkhani imene yatigawa pabanja pathu, ndipo ndikupempha nzeru kwa anthu odziwa ntchito tisanagule ngakhale thumba limodzi la simenti.

Malemu bambo athu anatisiyira nyumba ku Area 3, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndipo iwo anaigula atatsala pang'ono kupuma pantchito ya boma. Ndi ya njerwa zootcha, makoma ake ndi okhuthala, siling'i ili patali, ndipo khonde lake lalikulu, lokhala ndi nsanamira za njerwa, linazungulira mbali ziwiri. Pabalaza pali malo osonkhapo moto okhala ndi chumuni, pansi ndi pa simenti wofiira uja wopaka polishi, zitseko ndi za mlombwa, ndipo mazenera ndi a mafelemu achitsulo okhala ndi timagalasi ting'onoting'ono. Kumbuyo kuli khitchini ndi bafa zimene zinawonjezedwa m'zaka za m'ma 1970, zofoleredwa ndi malata a asibesito.

Nyumbayi tsopano yatopa. Denga likudontha pamene malata akumana ndi chumuni, moti siling'i ya pabalaza yafufuma ndipo yada. Khoma la chipinda chogona cha kummawa lanyowa kuchokera pansi mpaka m'chiuno, penti akusendeka, ndipo pakutuluka ufa woyera umene umabwereranso tikausesa. Zaka zingapo zapitazo munthu amene ankachitamo lendi anagumula pulasitala wa m'munsi mwa khomalo n'kumata wa simenti, anapaka penti wamafuta, ndipo anayala mabuloko kuzungulira nyumba yonse, koma chinyezi chinangosamukira pamwamba pa pamene iye analekezera. Pakona ina pali mng'alu wokwera motsata mizere ya njerwa, ndipo chiswe chadya felemu la chitseko cha kukhitchini.

Achimwene anga aakulu akufuna kuti tisasule denga lonse timange lobisika lija lafala masiku ano, titseke khonde likhale chipinda china, tiyale matailosi paliponse ndi kuika mazenera a aluminiyamu, kuti nyumbayo ipeze kampani yochita lendi. Ine mtima wanga ukukana, chifukwa ndikuona kuti tikatero tidzatsala ndi nyumba ina pa puloti yomweyo. Komabe sindikufuna kutsutsa achimwene ndi chifundo chokha, pakuti nawonso ali ndi mfundo yakuti ndalama zathu n'zochepa ndipo nyumba iyenera kudzisamala yokha. Funso langa ndi lakuti, m'nyumba yotere, n'ziti zimene ziyenera kusungidwa zivute zitani, n'ziti zimene zingasinthidwe popanda kuilakwira, ndipo ntchito tiiyambire pati?

Mmisiri Wopuma wa ku Kawale

Anaphiri, pepani ndi imfa ya bambo. Mwachita bwino kufunsa musanagule simenti, chifukwa nyumba zambiri zakale zimene ndaziona zikutha ku Area 3 ndi ku Old Town zinawonongedwa ndi anthu amene ankati akuzikonza, ukalamba usanazigonjetse.

Pafupifupi zonse zimene mwatchulazi gwero lake ndi limodzi, ndilo madzi, choncho ntchito iyambire pamene madzi akulowera, ndipo matailosi, penti ndi siling'i zidikire. Tumani munthu akwere padenga mvula ya mu Novembala isanagwe. Pamene malata akumana ndi chumuni pamakhala kachitsulo kopindidwa kolowetsedwa mumzere wa njerwa, kamene kamakankhira madzi pamwamba pa malata, ndipo kawirikawiri n'kameneko kamene kamachita dzimbiri kapena kuzuka. Kukasintha n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kusasula denga lonse. Malata ambiri akale ndi okhuthala kuposa amene tikugula masiku ano, ndiye musawataye chifukwa chakuti afiira pamwamba. Lata limene lilibe mabowo likwechedwe ndi burashi yawaya, lipakidwe penti woletsa dzimbiri, ndipo misomali imene yakhwepa ichotsedwe, m'malo mwake mulowe yokhala ndi labala. Munthuyo alowenso m'siling'i ndi tochi, azibaya mitanda ndi mapaso ndi chitsulo chosongoka. Pamene chitsulocho chikulowa mosavuta ndiye kuti chiswe kapena kuwola kwafikapo, ndipo chidutswa chokhacho ndi chimene chidulidwe n'kulumikizapo china.

Pa za khoma lonyowalo ndichedwapo, chifukwa ndi pamene anthu amatayirapo ndalama zambiri. Pezani malo pamene pulasitala wagwa, mutenge msomali mukande pakati pa njerwa ziwiri. Zimene zagwira njerwazo zikayoyoka n'kutuluka dothi lofiira kapena lotuwa, ndiye kuti anamangira matope. Zikakhala zoyererako ndi zofewa, anamangira laimu ndi mchenga. Zikakhala zolimba moti msomali ukungoterereka, ameneyo ndi simenti. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo ankamangira matope kapena laimu, ndipo khoma lotere limakhalitsa chifukwa limapuma: m'dzinja limamwa chinyezi pang'ono, ndipo m'chilimwe limachitulutsa kudzera m'pulasitala wofewa ndi njereza. Mukalimata ndi simenti wolimba n'kupakanso penti wamafuta, chinyezi chochokera m'nthaka chimasowa potulukira, monga thukuta la munthu amene wavala renikoti mu Okutobala, ndipo chimakwera m'kati mwa njerwa mpaka chitapeza pamene simentiyo wathera. N'chifukwa chake mzere wonyowa unasamukira m'mwamba wochita lendi uja atakonza. Ufa woyerawo ndi mchere wa m'nthaka ndi wa m'njerwa umene umatsala madzi akauma. Muziusesa ndi burashi youma, osautsuka, chifukwa madzi amausungunula n'kuubwezeranso m'khoma.

Mabuloko amene anayala panjawo ndikuwakayikira kwambiri. Nyumba yomangidwa bwino imakhala ndi mzere wotchinga chinyezi pamwamba pa maziko, kale unkakhala wa phula ndipo masiku ano ndi wa pulasitiki wakuda, ndipo nthaka ya panja iyenera kutsika masentimita 15 kuchokera pamzerewo, omwe ndi pafupifupi mizere iwiri ya njerwa. Anthu akamathira dothi ndi kuyala mabuloko amakweza bwalo mpaka kukwirira mzerewo, ndipo madzi ogwa kuchokera padenga amathovukira pakhoma kapena kudikha m'mphepete mwake. Chotsani mabuloko amene agundana ndi khoma, mutsitse nthaka, muipendeketse kuti madzi azithawa nyumba, ndipo mutsegule ngalande zakale ngati zinakwiririka. Fufuzaninso mapaipi akale achitsulo odutsa pafupi ndi khomalo: tsekani mipopi yonse muone ngati mita ya madzi ikuyendabe, chifukwa ikamayenda ndiye kuti penapake pakudontha.

Mukatha zimenezo, pulasitala wa simenti uja agumulidwe ndi tchizulo pang'onopang'ono, osati ndi makina, kuti nkhope ya njerwa isanyotsoke, ndipo khomalo lisiyidwe pamtunda chilimwe chonse. Khoma lokhuthala limatenga miyezi kuti liume, ndipo wothamangira kulimata amatsekeramo madzi omwewo. Likauma mumate ndi laimu, muyeso umodzi wa laimu ku miyeso itatu ya mchenga wa kumtsinje wosefa bwino. Apa chenjerani ndi laimu wa kumunda uja wothira m'nthaka. Ameneyo ndi mwala wongoperedwa, sanaotchedwe, ndipo sagwira ngakhale pang'ono. Funani laimu womangira, wootchedwa ndi kuzimitsidwa ndi madzi. Miyala yake ilipo m'dziko mwathu muno, monga ku Chenkumbi m'boma la Balaka. Muviike mu dilamu masiku angapo mpaka akhale phala lofewa, ndipo wogwira ntchitoyo avale magolovesi ndi zoteteza maso chifukwa laimu amawotcha. Amate mopyapyala, pafupifupi sentimita imodzi paulendo, adikire pagwire asanawonjezere, ndipo pakhomapo pazitchingidwa ndi masaka onyowa kuti dzuwa lisapaumitse msanga. Amisiri achinyamata adzakuuzani kuti athiremo simenti wambiri kuti ziume lero lomwe. Mukane, pakuti mukalola mwabwerera pamene wochita lendi uja anakusiyani. Pomaliza mupake njereza yamadzimadzi maulendo angapo.

Mng'aluwo musautseke kaye. Lembani ndi pensulo pamene wathera, muyeze kukula kwake, mulembe tsiku pambali, ndipo muzionapo m'dzinja ndi m'chilimwe. Chivomerezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 chinagwedeza chigawo chapakati, ndipo ming'alu ina ya m'nyumba zakale ingakhale ya nthawi imeneyo, inaima kalekale ndipo imangofuna kumatidwa ndi zofewa. Koma ukamakula, kapena ukapitirira mamilimita 5, itanani injiniya aone maziko. Onaninso ngati pafupi ndi konayo pali mtengo waukulu kapena dzenje la zonyansa lodontha, komanso mtundu wa nthaka, chifukwa katondo sasunthasuntha pamene makande a kudambo amatupa m'dzinja ndi kung'aluka m'chilimwe.

Asibesito wa kukhitchiniyo si chinthu chosunga. Fumbi lake limawononga mapapo, ndiye asadulidwe ndi makina kapena kukwechedwa ali wouma. Pomuchotsa anyowetsedwe, atsitsidwe wathunthu, ndipo zidutswa zake zisaperekedwe kwa munthu kuti akafolere khola la nkhuku.

Mwininyumba wa ku Area 47

Achemwali Anaphiri, ine ndiima ndi achimwene anu, ndipo ndikupempha kuti mundimvetse bwino. Malangizo a madala a ku Kawale ndi anzeru, koma taganizirani zimene akutanthauza pathumba lanu. Khoma lisiyidwe chilimwe chonse, mng'alu uyang'aniridwe chaka chathunthu, ndipo nthawi yonseyo nyumba ilibe wochita lendi pamene msonkho wa khonsolo, mlonda ndi mabilu sizikuima. Komanso mmisiri wodziwa kumata ndi laimu mukamupeza kuti mu Lilongwe wa lero? Anyamata amene tili nawo anaphunzirira pa simenti ndi mabuloko, ndipo mukawapatsa laimu adzaphunzirira pakhoma lanu ndi ndalama zanu.

Ine ndimachititsa lendi, ndipo ndikudziwa zimene anthu amafunsa akabwera kudzaona nyumba. Amafunsa ngati zipinda zili ndi mabafa ake, ngati pansi pali matailosi, ngati pali malo oika jenereta kapena masola, ndi ngati mpanda uli ndi waya wamagetsi. Sindinaonepo wofunsa za chumuni. Pansi pofiira pamafuna munthu wopaka polishi ndi kupukuta sabata ndi sabata, ndipo mabanja a masiku ano, amene mwamuna ndi mkazi onse amapita kuntchito, alibe nthawi imeneyo.

Palinso china chimene chimandivuta mumtima. Nyumba za ku Area 3 za nthawi imeneyo anamangira azungu a boma la atsamunda ndi amalonda awo. Agogo athu ankalowamo kudzera kukhomo la kumbuyo, ankaphika ndi kuchapa, ndipo usiku ankakagona kuboyizikota. Khonde lalikululo iwo ankalikolopa, sankakhalapo. Ndiye tikamanena kuti tisunge maonekedwe ake, tikusunga mbiri ya yani? Bambo anu anagula nyumbayo ndi thukuta lawo kuti ithandize ana awo, ndipo ine ndikukhulupirira kuti kuwalemekeza ndi kuonetsetsa kuti ikubweretsa ndalama zophunzitsira adzukulu awo. Ndaonanso mabanja ambiri amene anakangana za nyumba ya masiye mpaka denga linagwa milandu ili kukhoti, choncho chilichonse chimene mungasankhe, musankhe msanga ndipo musankhe pamodzi.

Wojambula Mapulani wa ku Area 18

Bambo a ku Area 47 anena zoona pa zinthu zingapo, ndipo ndiyambira pamene ndikugwirizana nawo. Mawaya amagetsi a m'nyumba ya zaka zoposa 60 achotsedwe onse, ndipo ntchitoyo agwire munthu wokhala ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira za magetsi la MERA. Mapaipi, bafa, chimbudzi ndi khitchini zisinthidwe zikhale zamakono, makamaka popeza mbali imeneyo ndi yowonjezera ya m'ma 1970 ndipo denga lake liyenera kuchoka ndithu. Amayi Naphiri, kumbuyoko ndi kumene achimwene anu apatsidwe ufulu. Akafuna bafa lina kapena chipinda china, amange kumeneko, motsika pang'ono kuposa nyumba yaikulu, mosabisa kuti n'chatsopano. Chikalata chotchuka cha malangizo osamalira nyumba zakale chimene akatswiri anagwirizana ku Venice mu 1964 chimanenanso zomwezo, kuti chowonjezera chigwirizane ndi chakale koma munthu azitha kusiyanitsa.

Pamene sindingagonje ndi padenga ndi pakhonde, ndipo zifukwa zanga ndi za ntchito. Denga lobisika limafuna kuti mukweze makoma kuzungulira malata, ndipo madzi onse a mvula amayenda m'ngalande zimene zili kuseri kwa makomawo. Ku Area 3 kuli mitengo ikuluikulu yambiri. Masamba akatseka ngalandezo, madzi sagwera panja koma amasefukira m'siling'i ndi pamutu pa khoma. Kuwonjezera apo, mumakhala mutachotsa mbali ya denga imene inatulukira kunja, yomwe yakhala ikuteteza makoma ku mvula kuyambira pamene nyumbayo inamangidwa, ndipo mumasenzetsa makoma akale katundu amene maziko ake sanakonzedwere. Ngati njerwazo zinamangidwa ndi matope, kuchita zimenezo n'kuiika nyumba pangozi yeniyeni. Khonde nalonso limagwira ntchito. Limatchinga dzuwa kuti lisawombe makoma ndi mazenera, ndipo pamodzi ndi siling'i yakutali ndi timabowo topitira mpweya ta pamwamba pa mazenera, ndilo limachititsa kuti m'nyumbamo muzizizira mu Okutobala popanda makina. Mukalitseka, pabalaza padzada ndipo padzatentha, ndipo wochita lendi adzafuna makina oziziritsa, amene amaima magetsi akazima. Chumuni nacho chili ndi ntchito mu Juni ndi Julayi, pakuti Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 ndipo aliyense wa ife akuidziwa mphepo ya miyezi imeneyo.

Funso lakuti tikusunga mbiri ya yani ndi lolemera, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Zimene bambo anena za khomo la kumbuyo ndi boyizikota n'zoona. Koma amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kutentha uvuni, kucheka mlombwa ndi kuyala pansi pofiirapo anali Amalawi, ndipo luso lawo lilibe kwina kumene linalembedwa kupatula m'makoma omwewo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, ndipo ngakhale dzina limene limatchulidwa ndi la David Clement Scott, njerwa zake zamitundumitundu zinaumbidwa ndi kuyalidwa ndi anthu akuda amene anaphunzirira pantchito pomwepo. Mandala House ya mu 1882 ikugwirabe ntchito mpaka lero ndi khonde lake. Kuno kwathu, pitani ku Nkhoma, kumene mishoni inayamba mu 1896, kapena ku Likuni, mukaone nyumba zakale za njerwa zimene anthu akuzigwiritsabe ntchito. Komanso nyumba ya ku Area 3 imene Mmalawi anaigula, n'kulereramo ana ake, n'kukhala pakhonde pamene agogo ake sankaloledwa, ili ndi mbiri yachiwiri, ndipo imeneyo ndi yathu popanda kukayika.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti Lilongwe ali ndi zakale zochepa kwambiri poyerekeza ndi Zomba kapena Blantyre. Mzindawu unakula makamaka bungwe la Capital City Development Corporation litakhazikitsidwa mu 1968 ndi likulu litasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975. Zimene zinalipo izi zisanachitike n'zowerengeka, ndipo zikugwetsedwa imodziimodzi kuti pamangidwe maofesi ndi malo ogona alendo. Ngakhale nyumba za m'ma 1970 za kuno ku Area 18 zakwanitsa zaka 50, ndipo zambiri sizikuzindikirikanso. Palinso nkhani ya mitengo. Njerwa iliyonse yootcha inadya nkhuni, ndipo tonse tikudziwa mmene nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, yavutikira. N'chifukwa chake mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda. Njerwa zimene zili kale m'khoma mitengo yake inadulidwa kale, ndipo kuzigumula n'kutaya nkhalango kawiri. Mukafuna zochepa zosinthira zimene zafumbwa, funani zakale kwa anthu ogwetsa nyumba, chifukwa za masiku ano kawirikawiri n'zazing'ono ndipo sizingagwirizane ndi mizere yakale.

Za malamulo ndinena mwachidule. Lamulo la Monuments and Relics Act la mu 1990 limateteza nyumba ndi malo amene boma linawalengeza kuti ndi osungidwa, ndipo nyumba zambiri za anthu sizili m'gulu limenelo, komabe n'kwanzeru kufunsa ku nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale. Kusintha denga kapena kuwonjezera chipinda kumafuna kuti mapulani avomerezedwe ndi khonsolo ya mzinda. Ndipo popeza iyi ndi nyumba ya masiye, onetsetsani kuti pali munthu amene khoti linamupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho motsatira lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, aliyense asainire. Mmisiri asanakhudze kanthu, jambulani zithunzi za chipinda chilichonse, zitseko, zogwirira, nsanamira ndi chumuni, ndipo wina ayeze nyumba yonse ajambule pulani yake mmene ilili.

Pa za lendi, bambo a ku Area 47, msika wa ku Area 3 ndi wosiyana ndi wa kwanu. Alipo ochita lendi amene amafunafuna dala nyumba ya khonde, mitengo ndi pansi pakale, malinga madzi, magetsi ndi mabafa zili bwino, ndipo nyumba zotere zikuchepa chaka ndi chaka pamene za matailosi zikuchuluka.

NaPhiri wa ku Area 3

Zikomo kwambiri nonse, kuphatikizapo bambo a ku Area 47, chifukwa mawu anu ndi omwewo amene achimwene amanena ndipo andithandiza kuwamvetsa. Ndakanda pakati pa njerwa monga anandiuzira bambo a ku Kawale, ndipo mwatuluka dothi lofiira, choncho nyumbayi anamangira matope. Taonanso kuti kumbali ya chipinda chonyowacho mabuloko akwera mpaka kufanana ndi pansi pa m'nyumba. Achimwene nditawawerengera za kulemera kwa denga lobisika anakhala chete, kenaka anati nkhani ya denga ndi khonde angathe kuisiya, malinga awapatse kumbuyo amangeko bafa lachiwiri. Koma pa mazenera ndi pansi sanagonje. Akuti mafelemu achitsulo achita dzimbiri, ena satsekeka, ndipo pansi pofiira pang'aluka m'malo angapo. Kodi zimenezi zingapulumuke, nanga felemu lodyedwa ndi chiswe lija tichite nalo chiyani?

Kalipentala wa ku Mchesi

Amayi, ine ndiyankha za matabwa ndi mazenera, chifukwa ndi ntchito imene ndimadyera. Zitseko za mlombwazo musalole kuti zichoke panyumbapo, ngakhale mmisiri atakuuzani kuti akazikonzere kushopu kwake, pokhapokha mutazilemba manambala ndi kuzijambula. Thabwa la mlombwa lalikulu ndi louma bwino ngati la nthawi imeneyo n'losowa kwambiri tsopano, ndipo anthu amalifuna. Zitseko zambiri za m'masitolo ndi zamphako m'kati, ndipo paini wa ku Chikangawa, ngakhale ndi wabwino pa ntchito zina, chiswe chimamudya msanga akapanda kuthiridwa mankhwala. Ngati zitsekozo zinapakidwa penti, achotsedwe ndi mankhwala osungunulira penti ndi chopalira, osati ndi moto kapena makina a sandipepala, chifukwa penti wakale wamafuta nthawi zambiri amakhala ndi mtovu, umene ndi woopsa makamaka kwa ana. Thabwa likaoneka lipakidwe mafuta a matabwa kapena vanishi wopepuka. Mahinjesi ndi maloko akale amkuwa atsukidwe ndi kubwezeredwa, ndipo ngati mukufuna chitetezo chowonjezera, loko watsopano aikidwe pamwamba pa wakaleyo.

Felemu la kukhitchini muyambe mwaona kuti ndi la mtengo wanji. Mtima wa mlombwa chiswe sichiukonda, chimadya mbali yoyera ya kunja kapena mtengo wina wofewa, ndiye n'kutheka kuti felemulo ndi la m'ma 1970 ndipo silofanana ndi enawo. Ngati chadya m'munsi mokha, timadula mopendeketsa pamwamba pa podyedwapo n'kulumikiza chidutswa cha mtengo womwewo, ndipo kumapeto kwake timapaka mankhwala oteteza matabwa a Solignum kusanakhudze simenti. Koma kusintha thabwa osapeza njira ya chiswe n'kuchipatsa chakudya chatsopano. Tsatani timizere ta dothi timene chimamanga pakhoma mpaka pamene tikutulukira, mufufuze zitsa zakale, milu ya nkhuni yotsamira nyumba ndi chulu chapafupi, ndipo muitane odziwa kuthira mankhwala m'nthaka. Chiswe chimakonda ponyowa, choncho ntchito ya ngalande ija ikuthandizaninso apa.

Mazenera achitsulo kawirikawiri amaoneka otheratu pamene sanathe. Chimene chimawaletsa kutsekeka nthawi zambiri ndi penti wodzaza m'mphepete ndi m'mahinjesi. Magalasi achotsedwe mosamala, chitsulo chipalidwe mpaka chiwale, pamene padyeka kwambiri wowotcherera adulepo n'kuikapo kachidutswa, kenaka penti woletsa dzimbiri, ndipo magalasi abwezeredwe ndi zomatira zatsopano. Achimwene anu awerengere bwino mtengo wa aluminiyamu, chifukwa kuzula felemu lachitsulo m'khoma la matope kumagwedeza njerwa zozungulira, ndipo mazenera atsopano sabwera pa muyeso wa mabowo akale, choncho pamafunika kugumula kapena kudzaza, ndi kuikanso zitsulo zoteteza akuba. Yambani ndi zenera limodzi loipitsitsa, likonzedwe mpaka kumapeto, ndipo iwo aone ntchito ndi mtengo wake asanagamule za enawo.

Za pansi si ntchito yanga kwenikweni, koma ndaona amisiri akuchita. Amagogoda ndi chitsulo kuti amve pamene pafufuma, amadula malo okhawo mowongoka, n'kudzazamo simenti wosakaniza ndi okusayidi wofiira, atayesa kaye mtundu pa kachigamba kakang'ono ndi kukadikira kaume, chifukwa simenti wonyowa amaoneka wakuda kuposa mmene adzakhalire. Ming'alu yaing'ono polishi amaibisa pakapita nthawi. Matailosi aikidwe kubafa ndi kukhitchini yatsopano. Mukawayala pabalaza ndi m'zipinda, pansi pamakwera ndi masentimita awiri kapena atatu, ndipo ine ndi amene ndimaitanidwa kudzadula m'munsi mwa zitseko zonse za mlombwa kuti zizitseguka.